Tsiku Limene Ndinaperekeza Shurland ku Piarco

Ine ndi Shurland Pascall tinagwira ntchito limodzi zaka khumi ndi chimodzi, kuwotcherera mageti ndi zitsulo zotchinga mawindo m'kashedi kathu ka ku Longdenville. Ntchito inalipo nthawi zonse, paja kuno ku Trinidad munthu akangofolera nyumba amayamba kuganiza za akuba. Ine ndinkayeza ndi kudula, iye n'kumalumikiza. Anali ndi dzanja labwino. Pamene walumikiza iye, ukayendetsa chala sungamve kuti zitsulozo zinali ziwiri.

Dzina langa ndine Yacoob Karmally. Ndinabadwa Msilamu ngati bambo anga ndi agogo anga, koma wa mtundu uja umaoneka kumzikiti Lachisanu ntchito ikachepa. Shurland anali mwana wa a Tanti Lystra, mayi wa Chibaputisti chija cha maduku aatali ndi mabelu. Za chipembedzo sitinkakamba. Nkhani yathu inali mbalame. Aliyense anali ndi bulufinchi wake m'chikwere, ndipo Lamulungu m'mawa tinkapita nazo kubwalo la mpira kukapikisana ndi anzathu kuti iimbe nthawi yaitali ndi ya ndani. Yanga inali yaulesi. Ya Shurland, imene anaitcha Senator, ikayamba sinkafuna kuleka.

"Yatengera mwini wake," ndinkatero.

"Nanga yakoyo yatengera ndani? Taiona, ikusinza."

Shurland sankadziwa kuchita chinthu mwatheka. Akakonda mbalame, mbalame basi. Akayamba mowa, mowa basi. Ndipo mowawo anauyambadi mu 2011, mng'ono wake Jevon ataomberedwa ku Enterprise dzuwa likuswa mtengo, ali pamzere wogula chakudya. Ena ankati anyamatawo anamusokoneza ndi wina, ena ankati Jevon ankadziwa chimene analakwa. Palibe anamangidwa. Maliro atatha, Shurland ankabwera kuntchito akununkha ramu, n'kukhala pachigubu cha penti osalankhula mpaka masana.

Tsiku la Idi ndinadutsira kushedi nditavala mkanjo wanga woyera, ndipo ndinamupeza pachigubu pomwepo.

"Dzuka aise, tiye ukadye sawini kwa mayi anga."

"Ine si Msilamu."

"Sawini safunsa chiphaso. Dzuka."

Tinayamba tadzera kumzikiti. Iye anatsalira panja, atatsamira galimoto. A Haji Rasheed Hosein, mkulu amene ankatitsogolera pa swala, anamuona ali padzuwa ndipo anamuuza kuti avule nsapato akakhale kumbuyo, pamthunzi. Anakhala pamenepo kutiyang'ana. Tili m'galimoto anandifunsa kuti, "Mukagunditsa chipumi pansi paja, mumanena chiyani?" Ndinamuuza. Titafika kwa mayi anadya mbale zitatu za sawini, chakudya chotsekemera chamkaka chimene timaphika pa Idi.

Patatha miyezi inayi analowa Chisilamu. A Haji anamupatsa dzina lakuti Hakeem, koma anamuuza kuti dzina limene anamupatsa mayi ake asalitaye. Mowa anasiyiratu. A Tanti Lystra atamva, anandiitanitsa kunyumba kwawo. Ndinapita mtima uli m'mwamba, koma anangondipakulira pelau.

"Mwana mmodzi ndinaika kale m'manda," anatero. "Ngati uyu akufuna kupemphera atavula nsapato, apemphere. Ifenso kwathu timavula."

Zinatsatira zinali zaka ziwiri zabwino, ndipo ndimafuna anthu azizidziwanso zimenezi. Shurland ananenepa. Anakwatira Renelle, mtsikana wa ku Cunupia amene ankasoka zovala, ndipo nayenso analowa Chisilamu. Anabereka mwana wamkazi, Sumayya. Pa Ramadhani ndiye ankandikumbutsa ine nthawi ya swala, ine n'kumanyinyirika.

"Iwe Chisilamu unachipeza m'nyumba, ndiye sukuchiona," ankatero akuseka. "Ine ndinachitola pamsewu."

Sindingatchule tsiku limene kusekako kunatha. Ndikukumbukira kuti anayamba ndi wailesi. Tinali nayo yakale yopachika pamsomali, ndipo tsiku lina ndinapeza atachotsa mabatire. Anati nyimbo ndi haramu. Kenako anayamba kukana ntchito ya geti la tchalitchi, kenako la kachisi wa Ahindu amene tinkawakonzera zinthu chaka ndi chaka. Pa nthawi yopuma ankakhala ndi foni, kuonera nyumba zakugwa za ku Siriya ndi ana akufukulidwa m'zigumukire. Zithunzizo sizinali zabodza. Nanenso ndinaziona, ndipo chakudya chinandikanika. Koma ine ndikaona kamodzi ndinkabweza foni. Iye ankazibwereza mpaka batire kutha.

Amene ankamutumizira anali anzake atsopano. Ankakumana m'chipinda china pamwamba pa sitolo ya matayala, ndi bambo wina amene ankangomutchula kuti Ustazi. Ndinamuonapo kamodzi. Anali wolankhula motsitsa, waulemu, ndipo anafunsa za thanzi la mayi anga. Shurland anandiuza kuti Ustazi ndi munthu yekhayo amene anakhala naye pansi n'kumufunsa za Jevon, kuti anali mwana wotani. Zinandiluma, chifukwa zinali zoona kuti ine sindinafunsepo. Ndinkaganiza kuti kusafunsa ndiye ulemu.

Lachisanu lina, swala itangotha, anaimirira mumzikiti foni ili m'manja.

"A Haji, ana awa akufa, ife tili pano kukambirana za penti ya mpanda."

"Khala pansi, mwana wanga," a Haji anatero. "Anawo ndawaona. Koma amene akukuitanawo nawonso akupha ana a anzawo, ndipo ambiri mwa ophedwawo ndi Asilamu. Ukufuna ana amasiye? Tiye titsike msewuwu, ndikuonetsa khumi tisanafike pamlatho."

"Mwakalamba, mukuopa."

"Kukalamba ndakalambadi. Iwe chipembedzochi wachidziwa zaka ziwiri, ine makumi asanu ndi awiri, ndipo ndikufunsabe kwa anzanga. Bwera mawa kunyumba tidzawerenge limodzi."

Sanapite, ndipo kumzikiti kwathu sanabwerenso. Lamulungu lotsatira anandibweretsera Senator ndi thumba la mbewu zake. Anati ndi chibwana. Ine mbalameyo ndinaisunga sabata ziwiri, koma inkakana kudya, ndiye ndinaipereka kwa mnzathu wina wa ku Felicity amene ankaidziwa bwino.

Mu Okutobala 2014 anandiuza kuti akupita ku Turkey ndi banja lake kwa sabata zitatu, kukaoda mikanjo ndi nsalu zoti Renelle azigulitsa. Masiku amenewo anali atafewa. Anamaliza geti lalikulu la ku Lange Park, anasesa shedi, ndipo anabwezera mabatire mu wailesi osanena kanthu. Ndinaganiza kuti mphepo ija yadutsa. Atandipempha kuti ndiwaperekeze kubwalo la ndege la Piarco, ndinavomera mokondwa.

Ndinafika kwawo m'ma eyiti koloko m'mawa. Zikwama zinali zisanu. Pokweza, china chinatseguka zipi, ndipo ndinaona mabotolo asanu ndi limodzi a tsabola wogaya atakulungidwa m'matawulo, poto wamkulu, ndi magolovesi ake achikopa owotcherera.

"Magolovesi a chiyani kokaoda nsalu?"

"Akuti kumazizira," anatero, akukoka zipi.

Ndinaseka, nayenso anaseka. Renelle sanaseke. Anali atakhala kale kumbuyo, nkhope yonse yophimba kupatula maso, ndipo maso akewo anali pa nyumba. Njira yonse Sumayya ankasewera ndi khutu langa kuchokera kumbuyo. Tinakamba za msewu, za mvula, za mtengo wa zitsulo. Pa mphambano ya ku Caroni ndinatsala pang'ono kufunsa. Mawu anafika pakamwa. Koma ndinaganiza kuti ndikafunsa n'kukhala kuti ndalakwitsa, ubwenzi wathu uthera pomwepo. Ndinangopitiriza kuyendetsa.

Pabwalo la ndege anandikumbatira nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Uziswali, Yacoob."

"Iwe undibweretsere chisoti chabwino."

Sabata zitatu zinatha, kenako zisanu. Foni yake sinkalowa. M'mawa wina a Tanti Lystra anatsika takisi kutsogolo kwa shedi atavala zoyera zawo za kutchalitchi. Anandipatsa foni yawo. Panali chithunzi cha Shurland, ndevu zitakula, mfuti ili pachifuwa, kumbuyo kwake mbendera yakuda ya gulu lija lochita nkhondo ku Siriya. Pansi pake analemba kuti, "Mama, musadandaule, tafika bwino."

"Ndiwe unamutengera kumeneko," anatero.

"Tanti, ine ndinamutengera kumzikiti. Uko sindikukudziwa."

"Sindikunena za kumzikiti. Ndikunena za ku Piarco. Unanyamula zikwama ndi manja akowa. Sunaone kanthu?"

Ndikanatha kukana, koma ndinawauza za tsabola ndi magolovesi. Anakweza dzanja kuimitsa takisi. Chaka chathunthu sanandilankhule. Tikakumana kumsika wa ku Chaguanas ankayang'ana tomato.

Apolisi anabwera kawiri, anafunsa mafunso omwewo, n'kutenga kompyuta yakale imene tinkalembera mitengo ya mageti. Ustazi anasamuka, ena amati nayenso anapita, ena amati ali ku Guyana. Makasitomala ena anasiya kubwera. Mayi wina anandifunsa pamaso ngati ndine wa gulu lomwelo. Ndinamuuza kuti ayi, ndipo ndinamumalizira geti lake.

Shurland anandiimbira kamodzi kokha, mu Disembala 2015, masana ndikudya roti. Nambala inali yachilendo.

"Aise, mango a kumbuyo kwa shedi anabereka chaka chino?"

Ndinaika roti pansi. "Anabereka. Ana asukulu anamaliza onse. Uli kuti?"

"Kuno kukuzizira, iwe. Madzi amauma m'ndowa."

"Bwerera."

"Pasipoti anatenga tsiku lomwe tinafika."

"Pita kumalire, ukadzipereke. Ndende ili bwino kuposa manda."

"Usalankhule choncho pafoni." Ndinkamva mwana akulira chapatali. "Renelle ali ndi pakati. Ine sindipita kunkhondo, usade nkhawa. Anaona dzanja langa. Ndimangowotcherera."

"Kuwotcherera chiyani?"

"Zitsulo. Pa magalimoto."

Nkhani ndinkaonera ngati wina aliyense. Ndinkadziwa magalimoto amene ankakutidwa ndi zitsulo kutsogolo, n'kusiya kampata kakang'ono koti woyendetsa aziona, ndiponso kumene ankapita nawo. Ndinamufunsa ngati akudziwa za mabomba amene amaikidwa m'kati mwake.

"Ine ndimangolumikiza," anatero.

"Shurland."

"Dzina langa ndi Hakeem." Koma sananene mwaukali. Ananena ngati munthu wotopa. Kenako anati, "Ukawaone mayi. Mpope wa kubafa kwawo umadontha, ndinaiwala kukonza."

Mawa lake ndinatenga sipanala n'kupita kwa a Tanti Lystra. Ananditsegulira osandipatsa moni. Ndinakonza mpope uja iwo ataima pakhomo. Nditamaliza ndinawauza zonse zimene ananena, ngakhale za magalimoto. Anakhala pampando wa kukhitchini, n'kundiuza kuti nditenge kapu nditunge mobi, chakumwa chozizira, m'filiji. Kuyambira tsiku limenelo ndinkapitako Loweruka lililonse.

Uthenga wa imfa unabwera mu Julayi 2017, m'mawu a Renelle ojambulidwa pafoni. Anati bomba linagwera pamalo pamene Shurland ankagwirira ntchito, ndipo anamuika tsiku lomwelo pamodzi ndi ena asanu. Anati iye ndi ana awiri ali moyo. Mawu onse anali osakwana mphindi imodzi. A Tanti anawamvera katatu, kenako anandifunsa kuti Asilamu amachita chiyani munthu akamwalira thupi palibe.

Ndinapita kwa a Haji. Anali atayamba kuyendera ndodo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akusisita bondo.

"Kumzikiti sindingachite," anatero. "Pali anyamata amene angaone ngati tikumutamanda. Ndipo sindimutchula kuti wafera chipembedzo, chifukwa sizoona. Koma kunyumba kwa mayi ake ndibwera. Anali mwana wathu. Ndine ndinamuuza kuti avule nsapato alowe."

"Mukudziimba mlandu, a Haji?"

"Pomulowetsa ayi. Koma atakana kubwera kunyumba kwanga, ndikanapita ine kwawo. Ndinali ndi miyendo nthawi imeneyo."

Tinakumana Lamulungu masana pakhonde la a Tanti. Amayi a kutchalitchi kwawo anabwera asanu ndi awiri, ndi belu lawo ndi makandulo. Ife tinali anayi. Iwo anaimba nyimbo zawo, ife titakhala chete. Atamaliza, a Haji anakweza manja n'kuchita duwa m'chilankhulo choti aliyense amve. Anapempha Mulungu kuti amuchitire chifundo Shurland Hakeem, mwana wa Lystra. Kenako anapempherera anthu onse amene anavulazidwa ndi ntchito ya manja ake, amene mayina awo sitidzawadziwa, ndi amayi awo. Mayi wina wa duku lofiira anang'ung'udza kuti pamaliro sanena zotere. A Tanti anamugwira dzanja.

"Asiyeni anene. Nawonso anali ana a anthu."

Tinadya pelau wa nkhuku, imene ndinakagula ndekha kwa wozinga wathu kuti aliyense adye momasuka. Amayi aja anakangana ndi a Haji za amene amaphika sawini wabwino pakati pa Asilamu a ku Chaguanas ndi a ku San Juan, ndipo dzuwa lisanalowe aliyense anali atapita.

Gulu lija litagonja mu 2019, tinamva kuti Renelle ndi ana ali mumsasa wa matenti kumpoto kwa Siriya, wozunguliridwa ndi waya. Mwana wachiwiri ndi wamkazi, dzina lake Hawa. Kuyambira pamenepo ine ndi a Tanti tayenda m'maofesi a ku Port of Spain kambirimbiri. Ine ndimayendetsa, iwo amanyamula envelopu ya zikalata. Amatilandira bwino, amatipatsa mipando, amati nkhaniyi ikuunikidwa. Anthu ena m'dziko muno safuna kuti abwerere, ndipo amanena zimenezi pawailesi. Sindiwada. Inenso sindidziwa kuti Renelle ali ndi maganizo otani lero. Ndimangodziwa kuti Sumayya anachoka kuno ali ndi zaka ziwiri, ndipo Hawa sanafunsidwe n'komwe.

Renelle amapeza foni mwina kamodzi pa miyezi itatu, kwa mphindi zochepa. Sumayya amalankhula bwino ndi agogo ake, koma Hawa ankakana. Ankabisala kumbuyo kwa mayi ake. Renelle anati mwanayo anauzidwa ndi amayi ena a mumsasa kuti asamalankhule ndi munthu amene sapereka salamu. A Tanti atamva zimenezi anandiuza kuti ndiwaphunzitse. Tinakhala Loweruka lonse pakhonde.

"Asalamu alaikumu."

"Asalama laikamu."

"Ayi Tanti, alaikumu."

"Iwe, lilime langali lili ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Lipatse nthawi."

Foni inabwera mwezi wathawu, Loweruka m'mawa, ine ndili pomwepo ndikusenda chinangwa. A Tanti anapukuta manja pa epuloni, anaika foni patebulo kuti tonse timve, n'kupereka salamu yawo bwinobwino osaphonya. Kenako kamawu kakang'ono kanayankha.

"Ndinu agogo?"

"Ndine, mwana wanga. Ndine mayi a bambo ako."

"Tenti yanu ndi nambala chani?"

A Tanti anandiyang'ana. "Ndilibe tenti. Ndimakhala m'nyumba."

"Ya chitseko?"

"Ya chitseko. Zitseko zilipo zinayi."

Tinamva akunong'onezana ndi mkulu wake m'Chiarabu, kenako anabwereranso.

"Sumayya akuti kwanu kuli mtengo."

"Ulipo. Wa mapeyala, uli pafupi ndi khitchini. Palinso nkhuku zitatu ndi galu wokalamba amene sauwa."

"Asilikali amalola galu?"

"Kuno kulibe asilikali. Galuyu ndi wanga."

Hawa anaseka, ngati wamva bodza lokoma. Anafunsa dzina la galuyo, ndipo a Tanti anamuuza kuti ndi Bishop. Anafunsa ngati mapeyala amadyedwa osaphika. A Tanti anali akufotokoza mmene amawadulira ndi kuthira mchere pamene foni inaduka. Tinadikira mpaka teni koloko, koma sinaitanenso.

A Tanti anatenga pensulo n'kulemba tsikulo pakalendala ya pakhoma. Kenako anakhala pansi, anatenga mpeni wina, ndipo tinapitiriza kusenda chinangwa.

"Lachiwiri tipitenso kumaofesi aja ku tauni," anatero. "Ubwere seveni, kusanadzaze pamsewu."